Kompyuta Ikakukanizani Kulowa Pakhomo

Awa ndi mawu amene anayankhula mnzathu wina, amene amagwira ntchito m'boma ku Lilongwe, pa msonkhano wathu wa pachaka umene unachitikira pasukulu pompano kwa Njewa. Tawasindikiza monga momwe anayankhulira popeza ambiri amene sanathe kubwera anatipempha kutero.



Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene mwaimva mu lipoti la a Msungichuma, yakuti ena mwa makompyuta amene tinasonkherana ndalama kuti tigulire sukulu yathu ali chikhalire m'chipinda chija atafunditsidwa nsalu. Sanapse, sanabedwe, ndipo mukawayatsa akuyaka bwinobwino. Koma akangoyaka akufunsa mawu achinsinsi, aja timawatchula kuti pasiwedi, ndipo pasukulu pano palibe amene akuwadziwa. Imodzi mwa makompyutawo ndi ya mu ofesi, ndipo m'menemo ndi momwe muli malikisi ndi mayina a ana a Fomu 4, pamene masiku ano kalembera wa ana olemba mayeso a MANEB akuchitika pa intaneti. Pajatu akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinalira makompyuta, ndipo abwera ndi makiyi ake. Ntchito yanga m'boma ndi yoyang'anira mafayilo ndi katundu wa ofesi, ndipo vuto limeneli ndaliona m'maofesi ambiri, aakulu ndi aang'ono omwe.

Chinthu choyamba chimene ndikufuna kuti tigwirizane ndi chakuti kompyuta imene ikufunsa pasiwedi ndi yamoyo, ndipo zonse zimene munasungamo zili momwemo. Chasowa ndi kiyi basi. Tsono munthu akataya kiyi wa nyumba yake sayamba ndi kugumula khoma. Amayamba wapisa m'matumba, nafunsa mayi a kunyumba, nayang'ana pansi pa mwala uja amabisapo, ndipo zonsezi zikakanika ndi pamene amaitana kalipentala kuti adzachotse loko yekha chitseko chisawonongeke. Koma ndi makompyuta timachita zosiyana. Timanyamula makinawo, kukwera minibasi pa Mpingu kapena pa Namitete ulendo wa m'tauni, ndipo tikafika kwa mnyamata wokonza mafoni iye amangoti, "Bwana, imeneyi ndi yofomata basi." Kufomata ndiko kufufuta zonse n'kuikamo Windows watsopano. Madzulo makina aja abwera akutseguka popanda chovuta, koma malikisi a zaka zinayi, mayina a ana, makalata ochokera ku divishoni, zonse zapita. Mnyamatayo sanalakwe kwenikweni. Munamupempha kuti makina atseguke, ndipo atsegukadi.

Musanagwire chilichonse, yang'anitsitsani sikirini ndipo muwerenge zimene yalemba, ngati n'kotheka muijambule ndi foni. Pali makomo atatu osiyana amene kompyuta ingakuimitsenipo, ndipo mankhwala a khomo lina sagwira ntchito pa khomo linzake. Ndiyamba ndi limene ambirife timakanikapo, lomwe ndi khomo la Windows, lija limaonetsa chithunzi chokongola, nthawi, ndi dzina la munthu pamwamba pa kabokosi kolembamo.

Pakhomo limeneli, kunena zoona, nthawi zambiri munthu sanaiwale pasiwedi ayi. Akulemba yolondola, koma zala zake zikulemba china, makina akulandira china. Wolakwa wamkulu ndi batani lolembedwa Caps Lock, limene limasandutsa zilembo zonse kukhala zazikulu. Kwa kompyuta, chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zinthu ziwiri zosiyana, kotero kuti "Njewa" ndi "nJEWA" sizifanana. Mnzake ndi Num Lock. Pa kompyuta ya pa desiki, batani limeneli likazima manambala a kudzanja lamanja salemba kanthu. Pa malaputopu ena akale zimachitika zodabwitsa koposa: Num Lock ikayaka, mukadina U, I ndi O makina amalemba 4, 5 ndi 6, ndipo J, K ndi L amasanduka 1, 2 ndi 3. Popeza pasiwedi imaoneka ngati timadontho takuda, munthu saona kuti akulemba manambala. Ndiye chifukwa chake kumapeto kwa kabokosi kaja kuli kachizindikiro konga diso. Mukakadina n'kukagwira, mumaona zimene mwalembazo m'zilembo zenizeni. Kadiso kameneka katapulumutsa anthu ambiri ndalama ya minibasi.

Palinso nkhani ya komwe makina anachokera. Makompyuta ambiri amene timagula kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ena ochokera ku Britain, ena ku America kapena ku South Africa, ndipo mabatani ake sanayalidwe mofanana. Pa kiyibodi ya ku Britain chizindikiro cha @ chili pafupi ndi batani la Enter, pamene pa ya ku America chili pamwamba pa nambala 2. Makina akasokonezeka n'kuyesa kuti kiyibodi yanu ndi ya dziko linalo, inu mudzadina @ iwo n'kulandira chizindikiro china. Yang'anani pansi pa sikirini chakumanja. Ngati pali tizilembo ta ENG, dinani pamenepo musankhe UK kapena US, muyesenso. Pafupi pomwepo pali kachizindikiro kena kamene kamatulutsa kiyibodi ya pa sikirini, yolemba ndi mausi. Imeneyi imathandiza ngati batani lina lafa, ndipo mukudziwa nokha fumbi la kuno mwezi wa Okutobala, kuphatikiza fumbi la choko ndi tiyi wa pa buleki. Njira ina ndi kungobwereka kiyibodi ya kompyuta inzake n'kuilumikiza.

Onaninso dzina limene lili pamwamba pa kabokosi. Makina amaonetsa dzina la munthu amene anawagwiritsa ntchito komaliza, ndipo mayina a anthu ena amakhala pansi chakumanzere. Mwina mukulemba pasiwedi yanu pakhomo la mnzanu. Onaninso ngati makina akufunsa pasiwedi kapena PIN, chifukwa ndi zinthu ziwiri. PIN ndi ya makina amodzi okhawo, pamene pasiwedi ndi ya akaunti. Pansi pa kabokosi pamakhala mawu akuti Sign-in options, ndipo mukadina pamenepo mungasankhe kuti mulowe ndi chiti mwa ziwirizi.

Chimene sindikufuna kuti muchite ndi kulota. Ndaona anthu anayi atazungulira desiki imodzi, uyu akuti tayesani dzina la mwana wake, uyo akuti tayesani chaka chimene anabadwa, wina akuti tayesani Bullets, winanso akuti ayi, ameneyo anali wa Silver. Windows 11 anapangidwa kuti munthu akalakwitsa kakhumi motsatizana, akaunti izitsekeka kwa mphindi khumi, ndipo m'maofesi ena amaika malire ochepera pamenepo. Akaunti ikatsekeka chotero, ngakhale pasiwedi yolondola imakanidwa kufikira nthawiyo itakwana. Munthu uja akhoza kukumbukira mawu enieni, kuwalemba, makina n'kukana, iye n'kutsimikiza mumtima kuti si amenewo. Kuthamanga si kufika. Zikatero imwani madzi, mudikire kotala ya ola, muyesenso kamodzi modekha.

Tsopano tiyerekeze kuti pasiwedi yaiwalikadi, kapena anapita nayo mwini wake. Apa funso lofunika ndi lakuti akauntiyo ndi ya mtundu wanji, chifukwa ilipo iwiri. Pali akaunti imene imakhala m'makina momwemo, yosadziwika kwina kulikonse. Pali ina yolumikizidwa ndi kampani ya Microsoft, imene inatsegulidwa ndi adiresi ya imelo.

Ya m'makina momwemo ili ndi njira zingapo. Kuyambira mu 2018, Windows 10 amafunsa munthu mafunso atatu pamene akutsegula akaunti yotere, monga dzina la mzinda umene anabadwira kapena la sukulu yoyamba imene anaphunzirako. Mukalemba pasiwedi yolakwika pamatuluka mawu akuti Reset password, ndipo mukayankha bwino mafunso aja makina amakulolani kuika yatsopano. Apa m'pamene safunsa anadya phula, chifukwa mphunzitsi amene anasamutsidwira ku Nsaru kapena ku Kabudula mwina pasiwedi anaiiwala, koma dzina la mudzi wake sangaliiwale, ndipo foni ali nayo. Njira ina, yomwe ndi yabwino koposa zonse, ndi yakuti ngati m'makinamo muli akaunti yachiwiri yokhala ndi mphamvu za woyang'anira, imene imatchedwa Administrator, mwini wakeyo angalowe n'kusinthira mnzake pasiwedi pa mphindi ziwiri zokha, mafayilo onse ali chikhalire. Chimene chimatayika ndi mapasiwedi ena amene munthu uja anasungitsa m'makinamo, ndiponso fayilo imene anaimanga payokha ndi loko wa Windows, ngati ilipo.

Akaunti ya Microsoft ndi imene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi imene yatipweteka kwambiri m'masukulu a kumudzi. Pasiwedi yake sisinthidwira pa kompyuta yotsekekayo yokha ayi. Mungatenge foni kapena kompyuta ina iliyonse imene ili pa intaneti, kupita pa tsamba la Microsoft, n'kunena kuti mwaiwala pasiwedi. Iwo amatumiza nambala ya chitsimikizo ku foni kapena ku imelo imene inalembedwa tsiku lotsegula akauntiyo. Tsono nambala ya foni imeneyo ndi ya yani? Kawirikawiri ndi ya mphunzitsi amene anali pafupi tsiku limenelo, kapena ya mwana wa mlongo wa munthu wina amene anabwera kudzathandiza pa holide, kapenanso ya mnyamata wa m'sitolo momwe tinagula makina. Chichitikireni kalembera wa masimukhadi mu 2018, nambala iliyonse ya TNM kapena Airtel ili m'dzina la munthu mmodzi ndi chitupa chake cha unzika, kotero kuti simukhadi ikatayika ndi mwini wake yekha amene angakaibwezeretse. Ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imaitseka n'kudzaipereka kwa munthu wina. Mwa njira imeneyi kiyi wa kompyuta ya sukulu ya kwa Njewa angapezeke m'thumba la munthu wogulitsa usipa ku Nkhotakota amene sakudziwa n'komwe. Microsoft ali ndi fomu yodzaza anthu amene anataya foni ndi imelo yomwe, koma imafunsa zinthu zimene amadziwa ndi mwini akaunti yekha, ndipo mukasintha nambala zonse za chitetezo nthawi imodzi amakudikiritsani masiku 30.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu akasintha pasiwedi ya Microsoft pa foni. Amabwera pa kompyuta, kulemba yatsopano ija, makina n'kukana. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imene siili pa intaneti sinamve kuti pasiwedi yasintha, ikukumbukirabe yakale. Pa sikirini yomweyo, pansi chakumanja, pali kachizindikiro ka netiweki. Yatsani hotspot pa foni yanu, lumikizani kompyuta pamenepo musanalowe, ndipo ilandira pasiwedi yatsopano. Bandulo ya ndalama zochepa ikwanira. Muonenso tsiku ndi nthawi imene makina akuonetsa. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Kakatha mphamvu makina amabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo kompyuta ya tsiku lolakwika imakanika kumvana ndi masamba ambiri a pa intaneti. Kabatireko ndi kotsika mtengo.

Nthawi zina pasiwedi imalandiridwa, koma makina amazungulirazungulira n'kukubwezerani pakhomo pomwe paja, kapena kulemba kuti User Profile Service yalephera. Izi zimakonda kuchitika magetsi akathima makina ali pakati pa ntchito, ndipo za kuthimathima kwa magetsi sindichita kukuuzani. Poyamba ingozimitsani bwinobwino n'kuyatsanso. Zikakanika, gwirani batani la Shift pamene mukudina Restart pa sikirini yomweyo, ndipo makina adzakutengerani ku tsamba la buluu lokonzera zinthu, komwe kuli njira yolowera yotchedwa Safe Mode. Pa tsamba limenelo palinso mawu akuti Reset this PC. Amenewo musawakhudze mafayilo anu asanakopedwe, chifukwa imodzi mwa njira zake ndi kufomata komwe kuja, kungoti kwavala taye.

Makina a mphatso ali ndi vuto lawolawo. Kampani ya kunja ikasintha makompyuta ake n'kupereka akalewo kwa mabungwe othandiza, ena amafika akufunsabe dzina ndi pasiwedi ya wantchito wa kampaniyo, ndipo pa sikirini pamaoneka dzina la kampani kapena mawu akuti Other user. Amenewa ndiwo okhawo amene ndinganene kuti afomatidwe popanda kudandaula, chifukwa mulibe kanthu kathu. Koma ntchito imeneyi iyenera kuchitika tsiku limene afika, makina asanapatsidwe kwa munthu.

Khomo lachiwiri ndi loopsa kuposa loyamba. Sikirini imakhala ya buluu, pamwamba palembedwa BitLocker, ndipo makina akufunsa kiyi wa manambala 48. BitLocker ndi njira imene Windows amasokonezera dala zonse za mu hadi disiki kuti wakuba asathe kuziwerenga. Makina ambiri atsopano amayatsa loko ameneyu okha munthu akangolowa ndi akaunti ya Microsoft, mwini wake osadziwa, ndipo amadzafunsa kiyi tsiku limene wina wasintha kanthu m'kati mwa makina. Manambala 48 aja amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kulowa, kapena ku ofesi ya makompyuta ngati makinawo ndi a bungwe. Apa mundimvetse bwino. Popanda manambala amenewo palibe fundi wa ku Lilongwe, wa ku Johannesburg kapena wa ku Microsoft komweko amene angatulutse mafayilo anu. Wokuuzani kuti angathe akufuna ndalama yanu. Dziko lonse linaphunzira zimenezi pa 19 Julayi 2024, pamene kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike inatumiza pulogalamu yolakwika imene inaimitsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, monga anawerengera a Microsoft. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki zinasokonezeka. Mankhwala ake anali apafupi, kungolowa mu Safe Mode n'kufufuta fayilo imodzi, koma makampani ambiri anachedwa chifukwa makina aliwonse ankafuna manambala ake 48, ndipo kwina manambalawo anali atasungidwa mu kompyuta imene nayonso inali itaima. Ndi chimodzimodzi kutsekera kiyi wa sefa m'kati mwa sefa momwemo.

Khomo lachitatu sindikhalitsapo. Ndi lija makina amafunsa pasiwedi akangoyaka kumene, pa sikirini yakuda kapena yotuwa, chizindikiro cha Windows chisanaoneke. Limatchedwa BIOS. Pa makompyuta ambiri a pa desiki fundi amalitsegula pochotsa kabatire kaja kwa kanthawi. Pa malaputopu ambiri sizitheka choncho, ndipo opanga makinawo amafuna umboni wakuti ndi anu asanakuthandizeni. Malisiti a katundu wa sukulu tiziwasunga.

Zonsezi zikakanika, pitani kwa fundi, palibe cholakwika. Koma mupite ndi mawu atatu pakamwa. Muuzeni kuti asafomate. Muuzeni kuti ayambe wakopa mafayilo onse kuwaika pa fulashi kapena pa disiki ina, ndipo muwaone ndi maso anu akutseguka. Ngati mulibe BitLocker, fundi wodziwa ntchito angayatse makinawo ndi fulashi yokhala ndi Linux, kapena kuchotsa hadi disiki n'kuilumikiza ku kompyuta ina, ndipo mafayilo amaoneka onse popanda pasiwedi. Lachitatu, musachoke. M'makina a ofesi muli mayina a ana, masiku awo obadwa, manambala a foni a makolo, mwinanso makalata a milandu ya ana ndi aphunzitsi, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinthu zotere. Mutengenso kalata ya a Mphunzitsi Wamkulu yokhala ndi chidindo, chifukwa lamulo la 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limati kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Fundi wabwino adzakufunsani umboni. Amene safunsa kanthu ndi yemwe amatsegulanso malaputopu obedwa m'maofesi mwathu. Ndipo wina akakuimbirani foni n'kunena kuti ndi wa ku kampani, mumuuze nambala imene yangofika kumene pa foni yanu, mudule foniyo. Ndi anthu omwe aja amatibera ndalama za pa Mpamba ndi Airtel Money.

A Wapampando, mundilole ndituluke pang'ono kunja kwa mpanda wa sukulu, kuti aphunzitsi athu asaone ngati vutoli ndi lawo okha. Kumayambiriro kwa 2024 dziko lathu linasiya kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo. Mu Febuluwale chaka chimenecho pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analanda makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo, limene boma linakana kupereka. Mabungwe ena anatsutsa, nati gwero lake linali mkangano wa kontirakiti ndi kampani imene inkayendetsa makinawo. Mbali iliyonse imene munthu angakhulupirire, chooneka n'chakuti makina anali athu, nyumba yathu, antchito athu, koma sitinathe kulowa. Amene anavutika ndi ana opita kusukulu kunja, odwala ofuna chithandizo kunja, ndi amayi a geni ya ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, tiyeni tingochotsa mapasiwedi onse, kapena tilembe imodzi pa kapepala tiimate pa sikirini aliyense aziiona. Ayi ndithu. Ife a m'boma tili ndi chipsera cha mbali imeneyonso. Mu Seputembala 2013 kunaphulika nkhani ija ya Cashgate, ndipo akafukufuku a Baker Tilly, mu lipoti lawo la kumayambiriro kwa 2014, anapeza kuti ndalama zokwana pafupifupi K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Malipiro abodza ankalowetsedwa m'makina a boma a IFMIS, macheke n'kutuluka, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa. Pasiwedi ntchito yake si kutseka khomo kokha, komanso kusonyeza amene walowa. Anthu khumi akamalowa ndi dzina limodzi, tsiku limene malikisi a mwana wina adzasinthe kuchoka pa 38 kufika pa 83 simudzadziwa womufunsa, ndipo amene adzanamiziridwe ndi kalaliki. Nkhani yake ndi yakale. Amene amatchulidwa kuti anayambitsa mapasiwedi a pa kompyuta ndi Fernando Corbató wa ku MIT ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo cholinga chake chinali chakuti anthu ambiri ogwiritsa ntchito makina amodzi aliyense akhale ndi mafayilo akeake. Sipanapite nthawi, wophunzira wina pomwepo anasindikiza mndandanda wa mapasiwedi a anzake onse kuti azipeza nthawi yochuluka pa makinawo. Ana a sukulu sanasinthe.

Ife amene tinaphunzira pano m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira kuti mayeso ankatayipidwa pa sitensulo n'kupukusidwa ndi makina a dzanja, ndipo kiyi wa kabati momwe ankasungidwa anali pa lamba wa a Wachiwiri kwa Mphunzitsi Wamkulu. Mnzake wa kiyi ameneyo anali mu sefa. Mphunzitsi akasamutsidwa sankakwera lole asanapereke makiyi, mabuku ndi ledja ya katundu, wopereka ndi wolandira n'kusayina onse awiri. Mwambo umenewu m'boma ulipobe, koma pa pepala la handiova timalembapo mipando, makabati ndi "kompyuta imodzi," osalembapo kiyi wa kompyutayo. Mwini wake amapita nawo m'mutu mosadziwa kuti wanyamula katundu wa boma.

Pempho langa ku msonkhano uno ndi lakuti pa kompyuta iliyonse imene bungwe lathu lagula pakhale maakaunti awiri a woyang'anira, wina wa mphunzitsi wa makompyuta, wina wa ofesi ya a Mphunzitsi Wamkulu, ndipo ana ndi aphunzitsi ena azilowa ndi maakaunti wamba. Pasiwedi ya ofesi ilembedwe pa pepala pamodzi ndi nambala ya makina, mayankho a mafunso atatu aja, ndi manambala 48 ngati alipo. Pepalalo liikidwe mu envulopu yomata, anthu awiri asayine pa msoko pake, ndipo isungidwe mu sefa momwe mumakhala mapepala a mayeso. Ena adzati akatswiri amaletsa kulemba pasiwedi pa pepala. Amaletsa kapepala ka pansi pa kiyibodi, osati envulopu ya mu sefa. Envulopu ikatsegulidwa, zilembedwe m'buku, pasiwedi isinthidwe, ndipo pamatidwe ina. Imelo ya sukulu ikhale ndi nambala ziwiri za chitsimikizo, za anthu awiri osiyana, ndipo wina akamasamuka nambala yake ichotsedwe iye asanachoke, nthawi imene akadali pafupi kuti alandire uthenga. Kutha kwa teremu iliyonse mafayilo a ofesi azikopedwa pa fulashi ziwiri, ndipo malikisi azisindikizidwanso pa pepala. Mtengo wa zonsezi sufika ngakhale pa mtengo wa zakumwa zimene tamwa lero.

A Msungichuma adziwenso kuti Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina akale ambiri sangalandire Windows 11. Akugwirabe ntchito ndipo ana angaphunzirepo kutayipa ndi zina za silabasi, koma tikamadzagula ena tidzafunse zimenezi tisanalipire.

Za makina amene ali pansi pa nsalu aja, a Mphunzitsi Wamkulu avomera kuti tikadya nkhomaliro atitsegulire chipindacho. Ndabwera ndi kiyibodi, fulashi ziwiri zopanda kanthu ndi timabatire tingapo. Ndikupempha anzathu awiri kapena atatu amene amagwira ntchito za makompyuta kuti atsale, ndipo ngati pali wina muno amene ali ndi nambala ya aphunzitsi amene ankayang'anira chipindacho asanasamuke, aipereke kwa a Mlembi tisanabalalike. Tiyamba ndi kompyuta ya mu ofesi.